Ulusi Umene Ndinayezera Chala cha Filomena

Anthu a kuno kwa Kanduku akandiona ndikuwotcherera ndowa zobooka pamsika, ena amakodolana n'kumati, "Si uja anakhala ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri n'kubwerako ndi kabokosi?" Sanama ayi. Anzanga anabwera ndi mafiriji, ena njinga zamoto, wina mpaka chigayo. Ine ndinatsika basi ndi chikwama chimodzi cha zovala ndi kabokosi kokwana m'thumba la malaya. Kwa nthawi yaitali ndinkadziuza kuti kabokosi kameneko n'kamene kanandilanditsa mkazi. Pano imvi zayamba, ndinene zoona: kabokosi kalibe mlandu, wolakwa ndine.

Ndisanapite ndinali wakabaza pa boda ya Mwanza. Ndinkanyamula anthu, matumba a makala, nthawi zina mbuzi yomangidwa miyendo ikulira njira yonse. Filomena ankagulitsa manachesi m'mbali mwa msewu, pamene madalaivala a mathiraki amaima podikira mapepala awo. Anali wamfupi, wa mawu akuluakulu, woti akaseka ngakhale a kutsidya kwa msewu ankatembenuka. Makolo ake anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo n'kukhazikika m'mudzi woyandikana ndi wathu. Tinakondana, tinapatsana chikole, ine chitenje, iye kampango kopukutira thukuta. Amalume anga anavomera kukhala ankhoswe. Mayi anga anali atapatula kale tambala wofiira, ndipo ankamuthirira madeya payekha.

Kwathu kuno chinkhoswe sichifuna zambiri. Amalume a mbali ziwiri akumane, a kuchimuna apereke tambala, a kuchikazi apereke msoti, pakhale khasu, nkhwangwa, lichero ndi mthiko, basi. Kuyambira tsiku limenelo midzi iwiri yadziwa kuti uyu ndi mkazi wa uje, ndipo pamatenda kaya pamaliro ali ndi malo ake okhala. Ife tinatsala ndi milungu yowerengeka kuti tifike pamenepo.

Kenako tsiku lina panaima kagalimoto kena. Ndinali nditatsamira njinga yanga pafupi ndi milu ya Filomena pamene munatsika mayi wina wa m'maofesi a pa boda, wonunkhira bwino, nsapato zake zosadziwa fumbi. Potambasula dzanja kuti alandire jumbo ya manachesi, pachala panang'anima mphete. Filomena analigwira dzanjalo, analitembenuza uku ndi uku.

"Ii, asisi, kukongola kwake!" anatero.

Mayiyo anati ndi ya chinkhoswe, abwenzi ake anakagula ku Blantyre. Galimoto inapita. Filomena anabwerera kukasanja manachesi ake akuimba. Amene anatsala ndi mphete ija mumtima ndi ine. Ndinali munthu wa matama a mkati, osalankhula koma wosafuna kupambanidwa. Ndinayang'ana nkhwaira zanga zamatayala, ndinayang'ana njinga, manyazi anandigwira popanda wondinyoza. Madzulo ake ndinapita kwa amalume.

"Amalume, chinkhoswe chiyambe chadikira. Ndikufuna ndikafike kaye ku Joni."

"Tambala alipo, ine ndilipo, a kuchikazi akutidikira. Chikusowa n'chiyani, mphwanga?"

"Chilipo chimene ndikufuna ndikatenge."

"Ukapita uli ndi mkazi kale, chimenecho sichingatengeke?"

Ndinangotsanzika. Ndinkaopa kuti ndikatchula mphete andiseka mpaka kugwa pampando.

M'mawa wa tsiku lonyamuka Filomena anandiperekeza pa boda atasenza thumba lake la malonda. Basi isanalize hutala ndinasolola ulusi umodzi woyera pathumbapo, ndinauzunguliza pachala chake cha kumanzere, n'kumanga mfundo.

"Mukundimanga ngati nkhuku bwanji?"

"Ndikufuna chondikumbutsa."

"Chithunzi changa muli nacho m'foni. Kapena mwagulitsa foniyo?"

Ndinavula kaulusiko mosamala kuti mfundo isasunthe, ndinakaika m'bokosi la machesi. Ndinamuuza kuti miyezi isanu ndi umodzi ndikhala nditabwera. Anandipatsa manachesi odzaza jumbo. Lomaliza ndinalidya titawoloka mlatho wa ku Tete, m'basi mukutentha ngati mu uvuni wa njerwa, ndipo makoko ake ndinawasunga m'thumba mpaka anauma.

Za miyezi yoyamba ku Joni sindikonda kuzikumbuka. Tinkagona amuna asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi cha nyumba yakale yosanja, titagawana malo ndi makatani. Madzi ankatuluka tsiku limene afuna. Ndinakumbapo maenje, ndinatchetchapo udzu, ndinasenzapo simenti kwa munthu amene pomaliza anati sakundidziwa. Kenako ndinapeza malo otsuka magalimoto pakona ina ya m'tauni. Tsiku lina paipi inaphulika n'kundithira madzi ozizira m'khosi, ine n'kutukwana m'chinenero chathu mokweza, poganiza kuti palibe angamve. Bambo wina wachikulire amene ankadutsa ndi buledi m'khwapa anaima.

"Epa! Kutukwana kumeneko n'kwa ku Mwanza!"

Anali a Zuze. Kwawo kunali mbali za ku Tete, koma nthawi ya nkhondo anakhalako kwathu kuno ali mnyamata, ndipo ankati anthu a ku Mwanza anawadyetsa pamene analibe ngakhale mbale. Ankagwira ntchito m'shopu yopanga mphete ndi ndolo, pamwamba pa nyumba ina, kuseri kwa zitseko ziwiri zachitsulo. Nditamva za mphete, mtima unagunda kuti ndithu Mulungu wandiona. Patapita milungu iwiri a Zuze anandilankhulira kwa abwana awo, nkhalamba yachizungu yosakonda kulankhula, ndipo ndinalembedwa ntchito yosesa.

Kusesa kwake sikunali ngati kwa kwathu. Fumbi la pansi silinkatayidwa, chifukwa munali golide. Tinkalithira m'chitini. Ngakhale madzi osamba m'manja ankadutsa kaye pa sefa. Ine amene ndinakula ndikutaya zinyalala kudzala, ndinaphunzira kugwada ndi kaburashi n'kumasonkhanitsa fumbi ngati ufa wa chaka cha njala. Pambuyo pake anandiika pa makina opukutira. Gudumu lansalu limazungulira mwaliwiro, iwe n'kumakanikizapo mphete mpaka iwale. Mphete imatentha, nsonga za zala zimapsa, ukamina m'mphuno mumatuluka zakuda. Ukayang'ana kumbali pang'ono, gudumu limakulanda mphete n'kuiponya kukhoma. A Zuze ankandisisita mafuta pazala nthawi ya nkhomaliro uku akunditcha dzina la chipongwe, akuti ndili ndi manja a khasu.

M'shopumo munali ndodo yachitsulo yosongoka, yolembedwa zilembo kuchokera kunsonga mpaka kutsinde. Ukalowetsa mphete, pamene yaima ndiye sayizi yake. Tsiku lina masana, abwana atatuluka, ndinatulutsa bokosi la machesi lija n'kulowetsa ulusi wanga pandodoyo. Unatsika pang'ono n'kuima kumtunda, kwa zala zing'onozing'ono. Nditatukula mutu ndinapeza a Zuze akundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Chala cha ndani chimenecho?"

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira kagalimoto kaja.

"Ankhoswe anakumana?"

"Ayi. Adzakumana ndikapita ndi mphete."

"Epa, mwana wa kwathu! Kwera basi, ukapereke tambala, ubwerenso. Mphete izikupeza m'tsogolo." Analoza bokosi la ntchito zodikira. "Ukuziona izi? Zambiri ndi mphete zobwera kudzakulitsidwa. Mzimayi akabereka, akadwala, akagwira ntchito, chala chimasintha. Ulusi wakowo ukhala chomwecho, koma mwini chala akuyenda."

Ndinaseka, ndinati a Zuze mumadziwa golide, Filomena simumudziwa. Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero ndi mawu angaanga, ndipo amandiwawa.

Miyala ya dayamondi abwana ankaisunga m'timapepala topindapinda, m'kabati yachitsulo. Nditakhala chaka ndi miyezi ndinalimba mtima, ndinawauza kuti ndikufuna mwala waung'ono woti azindidula pang'onopang'ono pamalipiro. Anandiuza kuti ndibwere m'mawa, chifukwa mtundu wa mwala umaoneka bwino pawindo dzuwa lisanakwere.

Ine ndinkadziwa kuti dayamondi ndi woyera basi. M'mawa umenewo ndinaona kuti ayi. Oyerawo analipo, koma anandikumbutsa mphete ya mayi wa pa boda uja, ndipo sindinafune kuti Filomena avale zofanana ndi za munthu wina. Unalipo umodzi wofiirira ngati duwa, umene abwana anangondionetsera patali n'kuubwezera msanga. Umenewo unali wa anthu okhala ndi ndege zawo. Inalipo yachikasu chotuwa, a Zuze n'kuti imeneyo ndi mafuta ophikira. Inalipo yoderako, a Zuze n'kuti tiyi wopanda mkaka. Ndinabwera pawindo paja m'mawa wambiri, kagalasi padiso, kachitsulo kopanira m'manja. Lero ndasankha uwu, mawa ndaukana. Munthu wosankha mbuzi ya pamsika satenga nthawi imene ndinatenga ine.

Tsiku lina abwana anafutukula kapepala kamene kanali pansi pa tonse. Munali mwala waung'ono ngati njere ya mapira. Sunali wachikasu, sunali wofiira, unali pakati. Nditauika padzuwa ndinaona msewu wa pa boda nyengo yozizira, milu ya manachesi akupsa itandandalikidwa pamasaka. Misozi inalengeza m'maso mwanga, abwana akuona. Iwo anati makasitomala saufuna chifukwa uli ndi kadontho kakuda mkati, ndipo anandionetsa ndi kagalasi kuti ndisadzati anandibisira. Ndinati manachesi a kwathu nawonso amakhala ndi timadontho pamakoko, ndipo amenewo ndi amene amatsekemera. Kwa nthawi yoyamba ndinawaona akumwetulira. Anapinda kapepalako n'kulembapo dzina langa.

Apa ndi pamene ndikanakwera basi. A Zuze akanatha kundipangira mphete yabwino pa mlungu umodzi, ndipo anadzipereka kangapo konse. Koma matama aja anandinong'oneza china: mphete ya Filomena uipange ndi manja ako. Ndiye ndinayamba kuphunzira kusungunula golide, kumukoka, kumupinda, kulumikiza osaonetsa msoko. Ndinaphunzira kupanga timano tinayi togwira mwala. Mphete yoyamba inatuluka yopotoka, ndinaisungunula. Yachiwiri a Zuze anati ili bwino, ine ndinaona kuti dzino limodzi latalika, ndinaisungunulanso. Chaka chinkatha, china n'kuyamba.

Kumudzi ndinkatumiza ndithu. A mathiransipoti ankanyamula zofunda, nsapato, mapoto, ndipo nyumba ya mayi ndinaifolera ndi malata. Ndinkadziona ngati mwamuna wosamala. Lamlungu lililonse masana ndinkaimbira Filomena.

"Mubwera liti?"

"Posachedwa. Chilipo chimene ndikumalizitsa."

"Chinthu chanu chimenechi chilibe dzina?"

"Udzachiona ndi maso."

"Kapena dzina chili nalo, ndipo chimavala diresi?"

Ndinkaseka kwambiri, n'kumaganiza za tsiku limene adzatsegule kabokosi n'kuchita manyazi ndi nsanje yakeyo. Chaka choyamba nayenso ankaseka. Chaka chachitatu ankafunsa osaseka. Pambuyo pake anasiya kufunsa, n'kumangondiuza za mvula ndi mitengo ya feteleza, ine osazindikira kuti kusafunsako ndi nkhani.

Inafika nyengo ina pamene eni dziko anayamba kuthamangitsa alendo m'misewu. Chipinda chathu chija anachiswa masana ife tili kuntchito, anatenga zonse mpaka makatani. Mnzathu wina wa ku Mangochi anamumenya n'kumusiya wosamva khutu limodzi. Kwa milungu itatu ine ndi a Zuze tinkakhala m'shopu momwemo, kuseri kwa zitseko zachitsulo, tikudya buledi ndi nsomba za m'chitini zimene abwana ankatibweretsera. A Zuze ankandiimbira nyimbo za kwawo ndi mawu oipa kwambiri, dala, kuti ndiseke. Ambiri anabwerera kumudzi nthawi imeneyo pa mabasi aulere. Ine ndinatsala. Bokosi la machesi linali m'thumba, mwala unali m'kabati, ndinkati zofunika zonse zapulumuka.

Kenako mayi anadwala. Anagwa kumunda, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Achemwali anga anali kubanja ku Neno ndi ana awo, ankangobwera mwa apo ndi apo. Amene ankawoloka kamtsinje m'mawa uliwonse kudzawatembenuza, kuwasambitsa, kuchapa zofunda zimene adetsa, anali Filomena. Ankalima munda wa kwawo, n'kudzalimanso wa mayi, n'kukagulitsa manachesi masana. Anachita zimenezi pafupifupi zaka ziwiri. Ine ndinkatumiza sopo ndi mankhwala, n'kumamuuza pafoni kuti Mulungu adzamudalitsa.

Mayi atamwalira sindinapite kumaliro. Anthu ndinawauza kuti masiku a m'pasipoti anatha kalekale, ndikatuluka sadzandilolanso kulowa. Zimenezo zinali zoona, koma sichinali chifukwa chake. Chifukwa chenicheni n'chakuti mphete yachinayi inali patebulo langa isanaikidwe mwala, ndipo ndinkaona kuti kufika pamaso pa Filomena chimanjamanja patapita zaka zonsezo n'chinthu chosatheka. Ndinalira mayi anga ndili pa makina opukutira, misozi ikusakanikirana ndi fumbi lakuda lija. A Zuze sanandilankhule masiku atatu.

Maliro atatha, foni ya Filomena inayamba kungoitana osayankhidwa. Ndinkati ndi chisoni, chimutha. Patapita miyezi inayi amalume anandiimbira.

"Mphwanga, uli pokhala? Kwa Filomena kwafika anthu. Bambo uja womata matayala pa boda, amene mkazi wake anamwalira, watuma amalume ake. A kuchikazi avomera. Chinkhoswe ndi Loweruka la mlungu wamawa."

"Amalume, inu simunawauze kuti mtsikanayo ndi wathu?"

"Ndikanawauza ndili ndani? Ine ku mudzi umenewo sindinapiteko ndi kanthu. Unandiletsa ndiwe."

Ndinafunsa funso lopusa. Ndinati nanga tambala uja?

"Tinapha pamaliro a mayi ako. Ndiponso sanali yemwe uja. Uja anafa ndi ukalamba, mayi ako n'kupatula mwana wake, kenako mdzukulu wake. Nthawi zonse pakhomo pankakhala tambala wofiira wosaloledwa kuphedwa."

Chimene chinandikanika zaka zisanu ndinachimaliza masiku awiri. Ndinakhazika mwala, ndinapinda timano tinayi, ndinapukuta. Ndinailowetsa pandodo yachitsulo, inaima ndendende pamene ulusi unkaima. A Zuze anaiyang'ana ndi kagalasi nthawi yaitali n'kunena kuti ngakhale iwo sakanaipanga bwino kuposa pamenepo. Abwana anandipatsa kabokosi kansalu yofewa n'kundiuza kuti tebulo langa lindidikira mwezi umodzi. A Zuze anandiperekeza kokwerera basi atandinyamulira chikwama, ndipo kumeneko n'kumene ndinawaona komaliza.

Ndinafika pa boda ya Mwanza Lachinayi m'mawa, nyengo yozizira, manachesi ali mbwee m'mbali mwa msewu. Filomena ndinamuona ndisanatsike n'komwe. Anali pamalo ake akale, atafunda chitenje m'mapewa, nkhope itachepa. Nditaima patsogolo pa milu yake anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Mwafika, achimwene? Mwayenda bwanji?"

Achimwene. Sanandiitanepo choncho chiyambire. Ine, posokonezeka, ndinachita zimene ndinkaona azungu akuchita m'shopu muja: ndinagwada bondo limodzi pafumbi n'kutulutsa kabokosi. Azimayi anzake anaphulika ndi kuseka. Dalaivala wina analiza hutala.

"Dzukani, mukundichititsa manyazi. Tiyeni uko."

Tinapita kuseri kwa timashopu, pansi pa mtengo wa bulugamu. Ndinalankhula ngati munthu wothamangitsidwa. Ndinamuuza za ulusi, za windo, za mphete zitatu zimene ndinasungunula. Ndinati zonsezi zinayamba tsiku limene anagwira dzanja la mayi uja.

"Mayi wake uti?"

"Wa pa boda uja, wa kagalimoto. Unati mphete yake ndi yokongola."

Anaganiza ndithu, anayesetsa, kenako anapukusa mutu. "Sindikumukumbuka. Ine kasitomala aliyense ndimamuyamikira chimene wavala, kuti agule mulu wachiwiri."

Ndinatsegula kabokosi chifukwa panalibenso china choti ndichite. Dzuwa linagunda pamwala paja. Filomena anaweramira pafupi, ndipo kwa kanthawi nkhope yake yakale inabwerera.

"Ngati nachesi," ananong'ona.

"Eya."

"Mwapanga nokha?"

"Ndekha."

"Ndi yokongola. Sindinaonepo chinthu chokongola chonchi."

Anatambasula dzanja lamanzere yekha, osapemphedwa. Pamenepo m'pamene ndinaliona dzanjalo. Ine amene ndinali nditayeza zala za anthu mazanamazana, sindinafunikire ndodo kuti ndidziwe. Mfundo za zala zinali zitatupa, khungu litang'ambikang'ambika ndi madzi ozizira ndi sopo, m'manja muli zikanga za khasu la minda iwiri. Ndinalowetsabe mphete. Inadutsa chikhadabo, inatsika pang'ono, n'kuima pamfundo. Ndinakankha, iye anatsinzina ndi ululu.

"Usadandaule," ndinatero msangamsanga. "Imeneyi ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ndiikulitsa, ola limodzi silikwana."

"Mukaikulitsira kuti?"

"Ku Joni, zipangizo zanga zili..."

Ndinadzimva ndekha mawu asanathe. Filomena sanakwiye. Anangoseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno, kosafanana ndi kuja kotembenuza anthu. Anapotokola mphete ija, anaivula, anaiika m'dzanja langa n'kupinda zala zanga ndi zake.

"Mayi anu ankakufunsani m'mawa uliwonse," anatero. "Ine ndinkawanamiza kuti mwanyamuka, muli pa Tete. Tsiku la maliro ndinakhala m'nyumba pafupi ndi mutu wawo, poti ndine ndinawatseka maso. Achemwali anu anabwera n'kundiuza pamaso pa anthu kuti m'nyumba muno ndi mwa achibale ndi apongozi, anzathu oyandikana nawo akhale panja. Ndinatuluka. Ndipo sanalakwe, achimwene. Ndinali ndani pamenepo? Ndani akanaimirira n'kunena kuti uyu ndi wathu?"

Ndinayesa kutsegula pakamwa, anandiletsa ndi dzanja.

"Tambala mmodzi, bambo inu. Mmodzi yekha, ndipo anali pakhomo kale. Bambo wa matayala uja sandiseketsa ngati mmene munkandiseketsera inu, ndipo alibe chilichonse chong'anima. Koma anatuma amalume ake."

Anabwerera kumalonda ake. Ndikudutsa kuti ndizipita, anatola manachesi awiri pamulu n'kundipatsa, monga amachitira ndi munthu aliyense wochokera kutali.

Loweruka ndinakhala pakhonde la nyumba ya mayi, pansi pa malata amene ndinatumiza. Amalume anakhala nane akusenda chinangwa. Dzuwa litapendeka tinamva nthungululu kutsidya kwa kamtsinje, ndipo tonse tinadziwa kuti nkhuku zasinthana manja. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira mayi anga, ndipo amalume anandisiya ndilire.

Ku Joni sindinabwererenso. Tebulo lija linadikira mwezi wake n'kupeza mwini wina. Ndinamva kuti a Zuze maso anawafooka, anabwerera kwawo ku Tete, ndipo ndimati chaka chino ndikawaone, chaka n'kutha. Khalidwe limenelo silinandichokebe. Manja amene anaphunzira golide pano amamata ndowa ndi mapoto, ndipo anthu amati zomata zanga sizidonthanso. Filomena ali ndi ana awiri. Ndowa yake ikabooka amabwera nayo yekha, amandipatsa moni wa ulemu, amafunsa za amalume. Akaseka ndi anzake pamsika, a kutsidya kwa msewu ayambanso kutembenuka.

Anabwerapo anthu ofuna kugula mphete ija, wina wochokera ku Blantyre ndi galimoto. Ndinawakaniza. Imakhala m'kabokosi kake, pansi pa sutikesi, limodzi ndi bokosi la machesi. Nyengo ya manachesi ikafika ndimaitulutsa m'mawa, dzuwa lisanakwere, n'kuima nayo pawindo. Ndimatenga kaulusi kaja, kamene kanachita chikasu ndi ukalamba, n'kukaika mkati mwa mphete. Kamakwana ndendende, osatsala mpata ngakhale wa tsitsi limodzi. Muyezo sindinaulakwitse ngakhale pang'ono.